Folo koloko ziwiri panjira ya ku Misuku

Ndinatuluka m'nyumba kusanayere bwino, chikwama chachikulu pamutu, kachikwama ka ndalama kukhwapa, mawondo akudandaula ndisanafike n'komwe pamsewu. Ulendo unali wa ku Misuku, kwa mwana wanga Tiyamike, amene mwamuna wake amagwira ntchito ya za nkhalango ku Mughese. Tiyamike anali atangochira kumene, mwana wamkazi, ndipo gogo wanzeru zake sangaone mdzukulu woyamba pachithunzi cha pafoni. Koma kunena zoona ulendowu ndinkauopa. Kwa zaka zitatu ndinali ndisanagonepo kunja kwa nyumba yanga pa boma la Chitipa, kupatula popita kuchipatala.

Chifukwa chake ndi kambulu kamodzi koyera. Atandichotsa bere lakumanzere chifukwa cha khansa, anandipatsa mankhwala oti ndizimwa kamodzi patsiku kwa zaka zambiri. Anati amatchinga mahomoni, zinthu za m'thupi mwa mzimayi zimene khansa yangayo inkakulira, kuti isabwerenso. Namwino amene anandipatsa, mayi wofatsa dzina lake a NyaGondwe, anati, "Muzimwa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse." Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, inali folo koloko madzulo, ndinameza pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo folo koloko inasanduka mwamuna wanga wachiwiri, wansanje kuposa malemu bambo ake a Tiyamike.

Musandiseke msanga. Ine ndinadwazikapo mng'ono wanga kwathu ku Ntcheu, zaka zija ma ARV atangofika kumene, pamene tinkaopsezana kuti ukangophonya ola wadziitanira imfa. Tinamuika m'manda. Ndiye mawu a namwino aja ndinawamva ndi khutu la maliro amenewo. M'mutu mwanga nkhani inali yosavuta: ndikadzachedwa ngakhale pang'ono, matendawo adzadzuka n'kulowa bere latsalali. Komanso sindinkafuna kuti wina andione ndikumeza, poti pa boma diso la munthu limafika ndi m'chikwama momwe. Choncho tsiku lililonse ndinkatseka golosale yanga anthu akuyamba kumene kuchuluka, n'kuthamangira kunyumba, kukadzitsekera kuchipinda kudikira alamu. Anzanga a pamsika anandipatsa dzina loti Mayi Folo Koloko osadziwa kuti ndimathamangira chiyani.

Pa depoti ndinakwera kasiyenta kopita ku Karonga, n'kulipira faifi sauzande yotsikira pa Kapoka. Tinalimo anthu asanu ndi anayi, kuphatikizapo bambo wina amene anagawana mpando ndi dalaivala. Msewu wa tala unatichitira chifundo, ndipo pa Kapoka, pamene njira ya ku Misuku imapatukira, ndinatsika dzuwa lisanapse.

Lole inalipo kale, itaima pansi pa mtengo. Dalaivala wake anandilandira ngati m'bale.

"Tikunyamuka sonosono, mama. Thu koloko muli pa Misuku, mukumwa tiyi."

Anati thwelofu sauzande, chikwama thu sauzande. Ndinamuuza kuti chikwamacho sichidya, n'chifukwa chiyani chilipire? Anaseka, koma ndalama analandira zonse. Kondakitala, bambo wandevu zaimvi wosakonda kulankhula, anaponya chikwama changa pakona yakutsogolo. Mmenemo ndi mmene munali mankhwala anga, nditawakulunga pakati pa zitenje za mwana. Ndinawabisa dala, kuti potsegula kachikwama ka ndalama anthu asawaone. Ndinati poti thu koloko tikhala titafika, vuto lili pati?

"Sonosono" wa pa Kapoka ndi wautali. Tinadikira matumba a feteleza a mkulu wina wolima khofi, a Msukwa, amene anafika pangolo dzuwa lili pamutu. Tinadikiranso malata a wina, ndi makireti a zakumwa. Ndinagula nthochi zowotcha zothira mchere ndi tsabola, n'kudya nditatsamira tayala. Pobwera kukasamba m'manja ndinapeza feteleza yense atamusanja pamwamba pa chikwama changa. Ndikanati chiyani pamaso pa anthu onsewo?

Tinanyamuka masana. Ndinakhala pathumba moyandikana ndi mayi wina wonenepa, wa maso oseka, amene ankabwerera kwawo ndi mchere ndi usipa wokagulitsa. Anandipatsa moni wakwawo, "Mwaghona, mama," ine n'kuyankha m'Chitumbuka changa cha pamsika. Zaka zonse ndakhala ku Chitipa ndinagonja pa nkhani ya zilankhulo, poti kuno ukangooloka kamtsinje anthu ayamba kale kulankhula china. Anati dzina lawo ndi a Nakayange, ndipo tinagwirizana zolankhula Chichewa, iwo akuthiramo zakwawo apo ndi apo.

Njira ya ku Misuku sifuna munthu wodwaladwala. Imakwera, n'kukhota, n'kukweranso, dothi lake lofiira, ndipo mvula inali itagwa dzulo lake. Pakamtsinje kena lole inatitimira mpaka m'mimba. Amuna anatsika kukakankha, ife azimayi n'kumathyola nthambi zoika pansi pa matayala. Tinataya nthawi yambiri pamenepo. Titangotuluka m'matopemo mvula inayamba kuwaza, kondakitala n'kutifunditsa lona pamodzi ndi feteleza yemwe, koma zinkaoneka kuti amene akumufunditsa kwenikweni ndi fetelezayo.

Pansi pa lonapo ndi pamene kutentha kuja kunandipeza. Mankhwala amenewa ali ndi khalidwe lake: mwadzidzidzi moto umayambira pachifuwa n'kukwera kumaso, thukuta kamukamu, anzako akunjenjemera ndi kuzizira. A Nakayange anandiyang'ana, n'kuyamba kundikupiza ndi chikatoni osafunsa kanthu. Lole ikadumpha, kansalu kamene ndimapinda n'kuika kumbali yopanda bere kankasuntha, ine n'kumakabwezera mobisa ngati ndikukanda. Ndinatopa. Osati ndi msewu wokha, komanso ndi kubisa, ndi kuwerengera nthawi, ndi kukhala mlonda wa thupi langa lomwe usana ndi usiku.

Titakwera kwambiri, minda ya khofi ndi nthochi itayamba kuoneka m'mbali mwa njira, chifunga chinatikuta. Dzuwa linasoweratu. Ndinatulutsa foni kuti ndione ngati tikufikabe nthawi yabwino. Foniyo inali yatsopano, anandigulira mkamwini wanga, ija yongopalasa ndi chala. Ndinayang'ana kamodzi, n'kupukuta galasi, n'kuyang'ananso. Folo koloko inali itadutsa kale, ndipo alamu sinalire.

M'zaka zitatu ndinali ndisanachedwepo. Ndinamva ngati chinthu chayamba kale kuyenda m'bere lakumanja. Ndinakwawa pamatumba mpaka kutsogolo, n'kuyamba kumenya denga la dalaivala ndi chikhatho.

"Imani! Ndikufuna chikwama changa! Nthawi ya mankhwala yapitirira!"

Dalaivala anasuzumira pawindo. "Mama, pachikweza pano ndikaima, tigona pompano!"

"Chikwama chili pasi chomene," anatero kondakitala, osandiyang'ana n'komwe. "Mukamwa tikafika."

"Kodi mutu ukawawa mpaka kuimitsa galimoto?" anafunsa bambo wa malata uja. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona, koma mokweza kuti ndimve, "Ndi aja aja amenewo." Ankanena ma ARV.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaimirira pamatumbapo, lona ili pamutu, n'kupisa dzanja m'bulauzi. Ndinatulutsa kansalu kaja n'kukakweza m'mwamba.

"Si aja aja! Ndi a khansa! Bere anandidula, onani, kuno kulibe kanthu! Ndikachedwa kumwa matenda abwerera. Mukufuna ndifere pa feteleza wanuyu?"

Chinsinsi chimene ndinachisunga zaka zitatu, ngakhale kwa azimayi anzanga a kumpingo, ndinachikhuthulira anthu osawadziwa, m'chifunga, nditagwira kansalu konyowa ndi thukuta.

"Dalaivala, imikani!" anakuwa a Nakayange. "Munthu uyu ni mulwali. Kasi mulibe amama anu imwe?"

Anakaima pamene msewu unagonako pang'ono, kondakitala n'kuthamanga kukaika miyala kumatayala. Palibe anadandaulanso. Amuna anayamba kutsitsa matumba limodzilimodzi, bambo wa malata uja ali patsogolo. Mvula inali ikuwazabe, ndipo feteleza sagwirizana ndi madzi. A Msukwa, mwini wake, anavula jekete n'kufunditsa matumba otsitsidwawo, okha n'kutsala ndi malaya. Chikwama chitatuluka ndinang'amba zipi, n'kumwaza zitenje za mwana, n'kumeza kambuluko ndi madzi a m'botolo la a Nakayange, anthu onse akuona.

"Pepani nonse," ndinatero. "Kungoti sindinachedwepo chiyambire. Lero folo koloko yandidutsa kutali."

A Msukwa anakwinya nkhope, n'kupinda mkono kuyang'ana wotchi yawo yachikale.

"Folo koloko ya nkhu, mama? Thiri yadutsa pachoko waka."

Ankati thiri koloko yangodutsa pang'ono chabe, ndiye ndinawaonetsa foni. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana a Nakayange, ndipo onse awiri anayesetsa kudzigwira, koma zinakanika.

"Mama," anatero mkuluyo akupukuta misozi, "foni yanu yaoloka kupita ku Tanzania popanda pasipoti."

Analoza m'chifungamo, kumunsi kwa phiri. Anati kumeneko ndi ku Songwe, ndipo kutsidya kwake ndi Tanzania, kumene nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi. Pamalo amenewo mlongoti wa mafoni wa kutsidya umamveka kuposa wakwathu, ndiye mafoni atsopanowa amangotola nthawi ya kumeneko okha. Ine zoti a kutsidya ali patsogolo ndinkazidziwa bwino, poti ndisanadwale ndinkakapikula katundu kumeneko. Koma sindinaganizepo kuti nthawi yawo ingandilondole ndili m'dziko langa lomwe.

"Ise kuno munthu akati tikumane teni koloko, timafunsa dankha: ya kuno panji ya kusirya?" anatero a Nakayange. Kenaka aliyense anali ndi nkhani yake. Wina anadzutsa ana kupita kusukulu kukali mdima. Wina anafika kutchalitchi n'kupeza zitseko zotseka, n'kumaganiza kuti mpingo wagawikana iye osauzidwa.

Anaseka, koma sanandinyoze. Anakwezanso matumba onse, ena atanyowa m'mbali, ndipo palibe ananditchulira za nthawi imene ndinawatayira. Zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Bola akanandikalipira, ndikanapeza poyankha.

Tinanyamukanso, ine nditabisa nkhope m'chitenje. Koma mantha saona manyazi. Anangotembenuka n'kubwera ndi funso lina: ngati kuchedwa kumapha, nanga kufulumira? Ndinali nditamwa nthawi isanakwane. Kodi kambuluko kagwira ntchito? Kodi mawa ndidzamwe nthawi iti, ya lero kapena ya masiku onse?

Ndili mkati mosinkhasinkha, msewu unakhotera kuseri kwa phiri, foni n'kubwerera kwawo mwakachetechete. Posakhalitsa alamu inalira. Folo koloko yeniyeni inali itakwana.

Lole yonse inaphulika ndi phwete. Ngakhale kondakitala wosalankhula uja anatsegula pakamwa.

"Titsitsenso, mama?"

Nanenso ndinaseka, koma dzanja langa linali litalowa kale m'chikwama, chimene tsopano chinali pamiyendo panga. Zaka zitatu alamu ikalira ndimameza, ndipo ndinaganiza kuti mwina ndimwe kena kuti ka nthawi yake kakhalemo. A Nakayange anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Yayi, mama. Mwamwa kale. Kawiri yayi." Kenaka anakweza mawu, akuyang'ana kumene kunachokera kunong'ona kuja. "Ine ndine wa aja aja amene amanenedwawo. Ndamwa zaka zinandi chomene, ndipo ndichali kuyenda. Ndimamwa ndikamaliza kutsekera nkhuku. Nkhuku sizidziwa za Tanzania."

Anazinena ngati akutchula mtengo wa usipa. Ndinachotsa dzanja m'chikwama, koma mtima sunakhazikike.

Pa Misuku tinafika dzuwa likupendeka, thu koloko ya dalaivala itapita kalekale. Ndinapita kwa a Msukwa kukapepesa za feteleza, iwo n'kungoti, "Khofi wakumera, mama, munthu sakumera." A Nakayange anandikumbatira mwamphamvu mbali zonse ziwiri, n'kusenza mchere wawo. Mkamwini wanga anali akundidikira ndi njinga yamoto. Tinakwera kamsewu koterera mpaka ku nyumba za ogwira ntchito m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese, kumene mitengo ndi yaitali moti umachita kupinda khosi.

Ndichite manyazi ponena izi: ndisananyamule n'komwe mdzukulu wanga, ndinafunsa pamene pamagwira netiweki ya ku Malawi. Tiyamike anandilozera pachulu kuseri kwa khitchini. Ndinakwera ndi mawondo anga otopawo n'kuimbira a NyaGondwe, amene anandipatsa nambala yawo kalekale koma sindinkafuna kuwavutitsa. Ndinawafotokozera zonse, kupatula za kansalu.

"Ola limodzi, mayi? Kaya kutsogolo kaya kumbuyo, palibe chimene chaonongeka," anatero. "Mankhwala amenewa amakhalitsa m'thupi. Chofunika n'choti musamadumphe masiku, komanso musamwe awiri pofuna kubwezera. Mwachita bwino osamwanso."

"Koma munati nthawi imodzimodzi."

"Eya, timatero kuti chikhale chizolowezi, musamaiwale. Si kuti mphindi ikadutsa ndiye matenda adzuka."

"Nanga folo koloko?"

"Folo koloko yatani?"

Sankaikumbuka n'komwe. Ndinawauza za wotchi ya pakhoma ija, ndi za kutseka golosale.

"Mayi anga inu," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi? Mukanangondifunsa. Ngati nthawi imeneyo ikukuvutani, mawa mudzamwe pa chakudya chamadzulo, n'kumapitiriza choncho."

Ndinatsika pachulupo pang'onopang'ono. Ndinkayembekezera kuti ndisangalala, koma chimene chinabwera ndi kutopa kwina, kolemera kuposa kwa pa lole. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula zaka zitatu, nambala ya namwino ili m'foni.

Tiyamike anali ataima pakhomo la khitchini, mwana ali paphewa. Anamva zonse, poti pachulu munthu umachita kukuwa. Anandipatsa madzi osamba, n'kundiikira mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, zimene anaphunzira kwa apongozi ake. Ndikudya, anakhala pambali panga akusewera ndi kaphazi ka mwana.

"Amayi," anatero osandiyang'ana, "ndiye pa ukwati wanga paja, mukanatha kukhala?"

Tsiku la ukwati wake, perekaniperekani ali mkati, nthawi inandikwanira. Ndinazemba muholo n'kukwera kabaza kupita kunyumba. Pamene ankaitana kholo la mkwatibwi kuti livine ndi mwana wake, mpando wanga unali wopanda munthu. Anaitana kawiri, kenaka azakhali ake ena akutali anaimirira kuti aphimbe manyazi. Pobwerera ndinapeza akudula keke. Tiyamike sanandifunsepo za tsiku limenelo, poti ankadziwa kuti ndinapita kukamwa mankhwala, ndipo nayenso ankakhulupirira kuti ndinathamangira moyo wanga.

"Ndikanatha, mwana wanga," ndinayankha. "Ndikanatha kukhala mpaka kumapeto."

Sanalire, sanandidzudzule. Anangogwedeza mutu n'kundipatsa mwanayo. Ndinafuna kupepesa, koma pepani sapoletsa chilonda, ndipo ukwati savina kawiri.

Amene mukufuna kupita ku Misuku nyengo ya mvula, mankhwala anu muziwasunga pathupi, ndipo foni muziiuza kuti isamasinthe nthawi yokha. Zimenezo n'zosavuta, mkamwini wanga anandikonzera ndi chala chimodzi. Chovuta ndi chimene ndinachiphunzira mochedwa: mankhwalawa anandipatsa kuti ndikhale ndi moyo, koma ine ndinatenga moyowo n'kuupereka kwa mankhwala. Ndipitiriza kumwa tsiku lililonse mpaka adzandiuze okha kuti basi. Zimene zinapita, zinapita.

Mawa lake madzulo ndinakhala pakhonde, mwana atagona pachifuwa panga. Alamu ndinali nditaizimitsa, koma thupi silinauzidwe. Nthawi ija itayandikira mtima unayamba kuthamanga, miyendo n'kuyamba kudzuka yokha kuti ikafune chipinda chodzitsekera. Tiyamike, amene ankasankha nyemba pafupi nane, anaika dzanja pabondo langa.

"Khalani, amayi."

Ndinakhala. Chifunga chinali chitachoka, ana a oyandikana nawo akusewera mpira wachikulunga pabwalo, azimayi akubwera kumadzi akucheza. Kanali koyamba m'zaka zitatu kuona dzuwa la folo koloko ndili panja.